Chinthu Chopanda Dzina Chilibe Mwini

Patchuthi chapitachi ndidali ku Senga Bay m'boma la Salima, ndipo m'mawa wina ndikuyenda pagombe ndidatola tinthu tiwiri. Koyamba kadali kozungulira, kofewa, kokhala ndi bowo pakati. Nditakaonetsa kwa bambo wina amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo, adangokayang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Mwana wanga, iyi ndi patapata yakutha. Timadula chonchi kuti iziyandamitsa ukonde." Kachiwiri kadali kolimba, kobiriwira, kokhala ndi timano m'mbali. Bamboyo adakatembenuza kawiri, n'kundibwezera. "Aka ndi kaujeni basi," adatero.

Mawu akuti "kaujeni" ndi amene andichititsa kulemba nkhaniyi. Ife ophunzira za chiyankhulo timadziwa kuti "ujeni" ndi mawu amene munthu amaika pamalo pa dzina limene lamuthawa kapena limene salidziwa. Ndi mawu othandiza pocheza, koma ali ndi vuto limodzi: kaujeni sikakhala ndi kwawo, ndipo palibe amene angafunsidwe mlandu chifukwa cha kaujeni. Maganizo anga ndi akuti anthu amene amataya nthawi yawo kufufuza dzina ndi chiyambi cha zinthu zachilendo zapulasitiki zopezeka m'magombe akugwira ntchito yofunika kuposa momwe ambiri timaganizira.

Tiyambe ndi zimene zidachitika ku Brittany m'dziko la France. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, anthu a m'mphepete mwa nyanja kumeneko ankatola zidutswa za matelefoni apulasitiki opangidwa ngati mphaka wa m'zithunzi zoseketsa wotchedwa Garfield. Chaka ndi chaka nyanja inkalavula maso, mitu ndi zingwe za matelefoniwo. Kwa zaka zoposa 30 anthu ankangotola n'kutaya. M'chaka cha 2019 gulu loyeretsa magombe la Ar Viltansoù lidalengeza nkhaniyi ponseponse, ndipo mlimi wina wa m'deralo adakumbukira zimene adaona ali mnyamata pambuyo pa namondwe. Iye adalondolera gululo kuphanga lina la m'mbali mwa nyanja, lofikika pokhapokha madzi akabwerera, ndipo m'menemo adapezamo zotsalira za kontena imene idagwa m'sitima. Yankho lidali m'mutu mwa munthu wa m'mudzi momwemo. Lidangodikira womufunsa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Chitsanzo chachiwiri n'cha ku Cornwall m'dziko la Britain. Pa 13 February 1997 funde lalikulu lidamenya sitima yotchedwa Tokio Express, ndipo makontena 62 adagwera m'madzi. Imodzi mwa makontenawo idanyamula tizidutswa ta zidole za Lego pafupifupi 4.8 miliyoni. Mayi wina wotchedwa Tracey Williams wakhala akutola tizidutswati ndi kulemba malo amene tapezeka, ndipo anthu a m'mayiko ena amamutumizira zithunzi za zimene atola kwawo. Popeza tsiku limene tidagwera m'nyanja likudziwika, kachidole kalikonse kopezeka lero ndi mboni. Kakutiuza kuti pulasitiki angakhale m'madzi amchere zaka zoposa 25 koma maonekedwe ake ali chikhalire.

Ngakhale akatswiri a sayansi adapindulapo ndi zinthu zoterezi. Mu January 1992 zidole zosambira nazo ana zokwana 28,800, zina zooneka ngati abakha, zina achule, zidagwa m'sitima yochokera ku Hong Kong pakati pa nyanja ya Pacific. Patapita miyezi pafupifupi 10 zidayamba kupezeka m'magombe a ku Alaska. Katswiri wa za nyanja, Curtis Ebbesmeyer, ndi mnzake James Ingraham adagwiritsa ntchito malo ndi masiku amene zidolezo zinkapezeka pofuna kumvetsa njira zimene madzi a m'nyanja amayenda. Munthu wongotola n'kutaya akadataya umboni wonsewo.

Wina anganene kuti zimenezi n'zosangalatsa chabe, masewera a anthu okhuta. Anganene kuti zinyalala ndi zinyalala, chofunika n'kuzitola, osati kuzitcha mayina. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu yake, pakuti kamba wam'madzi akameza pulasitiki safunsa kuti wachokera kufakitale iti. Komabe ine ndikuona kuti wotola wosafunsa ali ngati munthu wokolopa m'nyumba yodontha. Mawa akolopanso, mkuja akolopanso, mpaka tsiku limene adzakwere padenga kukaona pamene paboola.

Zimene zidachitika ku United States m'chaka cha 2011 zikuonetsa bwino zimenezi. M'magombe a ku New Hampshire ndi Massachusetts mudadzaza timapulasitiki toyera, tozungulira, tokhala ngati sefa. Tidali tochokera kumalo oyeretsera madzi azonyansa m'tauni ya Hooksett, kumene mvula yamphamvu idakokolola toposa 4 miliyoni n'kutitayira mumtsinje wa Merrimack. Ntchito yake n'kupereka malo oti tizilombo todya zonyansa tizimerapo. Munthu akadziwa zimenezi amadziwanso zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti mwana asatole kanthuko n'kuika m'kamwa, ndiponso kuti pali khomo lenileni limene anthu angakagogode kuti akadandaule. Dzina lidasandutsa chinthu chodabwitsa kukhala mlandu wokhala ndi mwini.

Koma si dzina lililonse limene limathandiza, ndipo apa m'pamene ife a zachiyankhulo tiyenera kutchera khutu. Mu October 2017 namondwe adakantha doko la Durban ku South Africa, ndipo timibulu tapulasitiki tolemera matani pafupifupi 49 tidakhuthukira m'nyanja n'kumwazika m'magombe ambiri a dzikolo. Timibuluti n'tating'ono ngati njere za mapira, ndipo ndi timene mafakitale amasungunula popanga mabotolo, zidebe ndi zina. M'Chingerezi amatitcha "nurdles", koma ena amati "mermaid tears", kutanthauza misozi ya cholengedwa cha m'nthano chimene ndi theka mkazi, theka nsomba. Dzina lachiwirili n'lokoma kumva, koma limanamiza. Limachititsa munthu kuganiza kuti timibuluto tidabadwira m'nyanja momwemo, pamene tidapangidwa ndi anthu, kunyamulidwa ndi anthu, ndi kutayidwa ndi anthu. Dzina labwino liyenera kuloza chala kumene chinthu chachokera.

Zoterezi zikadziwika, malamulo amatsatira. Bungwe loona za maulendo apanyanja la International Maritime Organization lidavomereza m'chaka cha 2024 lamulo lokakamiza woyendetsa sitima kunena msanga ngati kontena yagwera m'madzi. Lamulo lotere silikadaganiziridwa anthu akadapitiriza kuona zinthu za m'magombe ngati zongogwa kumwamba.

Nanga kwathu kuno? Nyanja ya Malawi ilibe sitima zikuluzikulu zonyamula makontena zikwizikwi, choncho zambiri zimene timatola pagombe zimachokera m'manja mwathu momwe, kudzera m'mitsinje ndi m'ngalande za m'misika. Chiyankhulo chathu chili ndi mayina a zina mwa izo: jumbo, sacheti, botolo, patapata, chigubu. Taonani kuti zimene zili ndi dzina n'zimenenso takwanitsa kukangana nazo. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikuloni 60 m'chaka cha 2015, ndipo bwalo lalikulu la apilo lidagwirizana ndi chiletsocho m'chaka cha 2019. Mkangano umenewu udali wotheka kuumva ngakhale kumudzi chifukwa aliyense amadziwa jumbo. Koma zotsalazo timangozikulunga m'mawu amodzi akuti "pulasitiki", kapena kuziponya m'gulu la mayina la Ka-Ti n'kumati kanthu, tinthu, kaujeni, ngati kuti kuchepa kwa chinthu n'kuchepanso kwa vuto lake.

Pempho langa likupita kwa ophunzira anzanga. Timatumidwa kumidzi kukalemba miyambi, nthano ndi mayina a mitengo, ndipo n'zoyenera. Bwanji osapitanso kumagombe a Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Mangochi kukafunsa asodzi, amayi otsuka mbale ndi ana osewera mumchenga mayina amene amatchulira zimene nyanja imalavula? Bambo wa ku Senga Bay uja adazindikira patapata m'kuphethira kwa diso, chinthu chimene ine wa kuyunivesite chidandipita. Nzeru zoterozo zikalembedwa pamodzi ndi malo ndi tsiku, zingathandize amene amateteza nyanja kudziwa kuti ayambire pati. Pamene dzina palibe, tilipange, ndipo likhale lonena zoona.

Kanthu kobiriwira kaja ndidabwera nako kusukulu. Kali pawindo la chipinda changa, ndipo aliyense wolowa ndimamufunsa ngati akukadziwa. Wina adati n'ka m'injini ya boti, wina adati n'kotsekera mankhwala a m'munda. Ndikufunsabe.