Ndege ikakhula mchira potera, nkhani siithera pamenepo

Makanema a ndege zotera movutikira amayenda kwambiri pa TikTok ndi Facebook. Matayala agunda pansi, mphuno yadzuka, kenaka kumchira kwathetheka moto ndi kautsi. Oyendetsa ndege amati imeneyi ndi tail strike, kutanthauza kuti mchira wakhula msewu womwe ndege imaterapo. Nthawi zambiri palibe amene amavulala, anthu amatsika bwinobwino n'kukatenga zikwama zawo. Komatu kukhula kotereku kunaphetsapo anthu 745 pa ngozi ziwiri zokha, ndipo onsewa anafa patapita zaka mchira utakhula kale.

Tiyambe ndi momwe zimachitikira. Ndege imatera ndi matayala apakati, mphuno ili m'mwamba pang'ono. Ili ngati thabwa lomwe mwalikhazika pamwala: mbali imodzi ikakwera, inayo imatsika. Ndege ikakhala yaitali, mpata wa pakati pa mchira ndi nthaka umatha msanga. Airbus A320 imakhula mphuno ikadzuka pafupifupi madigiri 12, pomwe A321, yomwe ndi yotalikirapo ndi mamita 7, imakhula pa madigiri 10 okha.

Nanga mphuno imadzukiranji chonchi? Kawirikawiri ndege imakhala yafika ndi liwiro lochepa, mapiko akulephera kuinyamula bwino, ndiye woyendetsa amakoka chiwongolero mwamphamvu poopa kugwa ngati thumba la chimanga. Nthawi zina ndege imagunda pansi n'kunjanja, woyendetsa n'kudzutsa mphuno pofuna kuti kachiwiriko itere mofewa. Mphepo yosintha mwadzidzidzi nayo imasokoneza. N'chifukwa chake oyendetsa ndege amaphunzitsidwa kuti zinthu zikapanda kukhala m'malo mwake, aonjezere moto, akwerenso, azungulire n'kudzayesanso. Kuthamanga sikufika.

Tsono choopsa chenicheni chili mkati. Kumwamba komwe ndege zimauluka mpweya ndi wochepa, choncho m'chipinda cha anthu amapoperamo mpweya kuti tizipuma bwino. Kumbuyo kwa mipando yomaliza kuli chikhoma chachitsulo chooneka ngati ambulera chomwe chimatchinga mpweyawo. Ulendo uliwonse thupi la ndege limafufuma pang'ono pokwera n'kuphwa potsika. Munapindapo waya uku ndi uku mpaka kuduka? Chitsulo chomwe chili ndi bala chimatopa chimodzimodzi.

Pa 2 June 1978, Boeing 747 ya Japan Airlines inakhula mchira potera pa bwalo la Itami ku Osaka. Palibe anafa, koma chikhoma chija chinaonongeka. Amisiri a kampani ya Boeing ndiwo anabwera kudzakonza. Malangizo ankati alumikize mbali yatsopano ndi yakale ndi chigamba chimodzi chachitsulo chogwidwa ndi mizere itatu ya misomali yomwe amati ma rivet. Iwo anagwiritsa ntchito zidutswa ziwiri, moti pamalo ena katundu yense anatsalira mzere umodzi. Poyang'ana ndi maso zonse zinkaoneka zabwino, ndipo ndege inabwerera pantchito.

Inauluka maulendo oposa 12,000, timing'alu tikukula mwakachetechete. Madzulo a pa 12 August 1985 inanyamuka pa bwalo la Haneda ku Tokyo kupita ku Osaka, itanyamula anthu 524. Ambiri ankapita kwawo ku Obon, nyengo yomwe anthu a ku Japan amakumbukira makolo awo omwe anamwalira. Patangotha mphindi 12, chikhoma chinaphulika. Mpweya unathothola gawo lalikulu la chipsepse choimirira cha kumchira n'kudula mapaipi onse anayi a mafuta a hydraulic omwe amayendetsa ziwongolero. Kwa mphindi 32 oyendetsa analimbana nayo pongoonjezera ndi kuchepetsa mphamvu ya injini, uku anthu ena akulemba timakalata totsanzika mabanja awo. Inakagwa m'mapiri a m'chigawo cha Gunma. Anthu 520 anafa, kuphatikizapo woimba wotchuka Kyu Sakamoto, ndipo anapulumuka anayi okha. Mpaka lero palibe ngozi ya ndege imodzi yomwe inapha anthu ochuluka kuposa pamenepa.

Mwina mukuti dziko linatengerapo phunziro pomwepo. Koma panthawiyo n'kuti ndege ina ikuuluka kale ndi bala lofanana. Pa 7 February 1980, Boeing 747 ya China Airlines ya ku Taiwan inakhula mchira potera pa bwalo la Kai Tak ku Hong Kong. Buku la Boeing linkati chitsulo chokandikacho achichotse kapena asalaze zipsera zonse. Amisiri anangophimbapo chigamba, zipsera zili pansi pake pomwe diso silifika. Pa 25 May 2002, patatha zaka 22, ndegeyo inathyokera m'mwamba pafupi ndi zilumba za Penghu pa ulendo wochokera ku Taipei kupita ku Hong Kong. Anthu onse 225 anafa.

Pa ngozi zonse ziwiri, woyendetsa yemwe anakhulitsa mchira anafikitsa anthu ake amoyo. Imfa inadzera m'chigamba chomwe chinaikidwa mosatsata buku, popanda wochigwira kuti chalakwika. Ife tinazolowera kuona minibasi yomangidwa ndi waya ikuyendabe n'kumati bola ikufika. Minibasi ikafa, mumatsika n'kuikankha. Ndege ikakhala pa mapazi 24,000, pomwe ya ku Japan ija inali, palibe potsikira.

Masiku ano zinthu zinasintha ndithu. Ndege zazitali monga Boeing 737-800 zili ndi kachitsulo pansi pa mchira komwe kamayamba kugunda thupi lisanakhudze pansi. Ndege zina zili ndi makompyuta ochenjeza woyendetsa mphuno ikadzuka mopyola muyeso. Mchira ukakhula ponyamuka, malangizo ndi akuti asakwere m'mwamba kwambiri, abwerere akatere. Ndipo ndege yomwe yakhula siinyamulanso anthu mainjiniya asanaiyeze ndi kusainira. Japan Airlines inatsegula malo pafupi ndi Haneda mu 2006 pomwe inaikapo zidutswa za chikhoma chija ndi ena mwa makalata aja, kuti antchito ake aziona ndi maso mtengo wa ntchito yolakwika.

Choncho tsiku lina muli pa ulendo wa ku Johannesburg kapena Nairobi, ndege n'kutsala pang'ono kutera kenaka n'kubangula kukweranso, mtima usachoke m'malo. Woyendetsa waona kuti sizili bwino ndipo wasankha kuyambiranso. Mukauzidwanso kuti ulendo uchedwa maola atatu chifukwa mainjiniya akuyang'ana kumchira, musathamangire kukadandaula pa Facebook. Gulani tiyi, tchajani foni, asiyeni amalize ntchito yawo.