Kodi Uthengawo Wachokeradi kwa Mlangizi?

Alimi anzanga a ku Machinga ndi ku Balaka, sabata ino tiyambe taleka za mizere ndi manyowa, pakuti pali bvuto lina lofunika kuti tichenjezane.

Mwezi wathawu mai wina wa kufupi ndi Ntaja anandiimika ndiri pa njinga, nati, "Alangizi, nanga feteleza uja afika liti?" Ine ndinadabwa. Pamenepo anandionetsa uthenga pa lamya yao, wolembedwa m'dzina langa, wakuti atumize ndalama kuti dzina lao lilowe m'kaundula. Ndalamazo anali atatumiza kale, zonse zimene anapeza atagulitsa nandolo. Koma uthengawo sindinalembe ine.

Akulu-akulu mukumbukira makuponi a feteleza amene anayamba m'chaka cha 2005. Anthu achinyengo anali kusindikiza makuponi ao-ao, pakuti pepala silidziwa mwini wache. M'chaka cha 2017 Boma linalemba anthu oposa 9 miliyoni, nilitenga chithunzi ndi zidindo za zala za munthu ali yense, ndipo m'chaka cha 2020 alimi anayamba kugula feteleza wotsika mtengo poonetsa chiphaso cha unzika m'malo mwa kuponi. Zala zanu palibe angazibwereke. Tsono akuba, poona kuti khomo lija lapanikiza, atembenukira ku lamya, kumene munthu angathe kulemba dzina la mnzache, ngakhale kuikapo nkhope ya mnzacheyo pa WhatsApp.

Chifukwa chache uthenga ukafika musamayang'ane dzina, yang'anani nambala. Ngati ndi yachilendo, musaiyankhe. Imbani nambala ya mlangizi imene munailandira pamaso pache, mumve mau ache ndi makutu anu. Ngati mulibe, funsani a mfumu, kapena tumani mwana ku ofesi ya zaulimi ku Ntaja, ku Nsanama kapena ku Ulongwe. Ulendo umenewo ndi wotopetsa, ndidziwa, koma suposa mtengo wa thumba la nandolo.

Kulembedwa m'kaundula wa alimi sikulipiridwa. Nambala yanu yachinsinsi yotapira ndalama musauze munthu, angakhale anene kuti ndi wa Boma. Chiphaso chanunso musapereke kwa mavenda.

Mai uja ndinamperekeza ku polisi. Inunso mukalandira uthenga wotere musaufafanize, mukauonetse kumeneko pamodzi ndi nambala yache.