Tatenda Taibu anapatsidwa ukaputeni nyumba ikupsa

Ambili a ise tikamva za cricket timaona monga ni maseŵela a ana a masukulu odula. Koma kwa aneba athu ku Zimbabwe kunali mnyamata wa mu komboni ya Highfield ku Harare, Tatenda Taibu, amene nkhani yake iyenela kumvedwa na wacinyamata aliyense amene anauzidwapo kuti manje ni nthawi yake yotsogolela.

Taibu anabadwa mu 1983. Nchito yake m'timu inali ya wicket-keeper, uja amene amavala magolovesi n'kukhala conjuta kumbuyo kwa tumitengo tutatu, kudikila bola iliyonse imene womenya waiphonya. Mu maseŵela a Test, amene amafika masiku asanu, munthu uyu amanjuta na kunyamuka tsiku lonse. Akagwila bola 99 palibe amene amakamba, koma akagwetsa imodzi bwalo lonse limaona. Taibu, wamfupi thupi, anayamba kugwila nchito iyi m'timu ya dziko mu 2001 ali na zaka 18.

Mu 2004 akulu-akulu a bungwe la Zimbabwe Cricket anakangana na kaputeni Heath Streak, ndipo oseŵela odziŵa bwino oposa 10 anacoka naye. Ukaputeni unagwela Taibu ali na zaka 20 cabe. Anakhala munthu wakuda woyamba kutsogolela timuyo, komanso kaputeni wamng'ono kwambili m'mbili ya Test panthawiyo. Manyuzipepala anacemelela. Koma mu April caka comweco, timu yake ya anyamata osazoloŵela inatulutsidwa yonse na Sri Lanka itapeza ma run 35 cabe. Amene anaima pamaso pa makamela kuyankha mafunso anali mnyamata uja, pamene oyambitsa mkangano anali phee m'maofesi.

Ise tiona kuti kupatsa wacinyamata mpando popanda anthu omuthandiza, popanda malipilo odalilika komanso popanda mau pa zosankha, ni kumusenzetsa mlandu wa ena. Luso Taibu anali nalo. Mu January 2005 ku Dhaka anamenya ma run 85 osatulutsidwa, kenako 153, m'maseŵela amodzi na Bangladesh. Koma mu November 2005 anatula pansi udindo, atakamba poyela za kayendetsedwe koipa ka bungwelo komanso kuti iye na banja lake anali kuopsezedwa.

Ena amati anathaŵa, kuti mwayi ngati uja sutayidwa. Tiwamvetsa, cifukwa nchito ni yosoŵa ndipo amene waipeza amauzidwa kuti akhale cete. Koma onani zimene anacita pambuyo pake. Anabwelela m'timu mu 2007, anaseŵela na Kolkata Knight Riders ku India mu 2008, ndipo mu 2011 anadzudzulanso bungwelo poyela pa nkhani ya malipilo a oseŵela. Munthu wamantha sacita zimenezi. Mu July 2012, ali na zaka 29, atseŵela ma Test 28 na maseŵela a tsiku limodzi 150, analeka kuti akagwile nchito ya chalichi. Ma wicket-keeper ambili amaseŵela mpaka kupitilila zaka 35. Zimbabwe inataya zaka zimenezo, ndipo sitingaike mlandu wonse pa iye.

Conco, anzathu, akakuitanani kuti mukhale tcheyamani wa kilabu, wa kwaya olo wa gulu la pa msika, kondwelani, koma funsani coyamba: amene analipo wacokelanji? Ndalama azisunga ndani? Zinthu zikavuta, adzayankha ndani? Ngati mayankho ni osamveka, muli na ufulu wokana, ndipo ngati munavomela kale, muli na ufulu wokamba poyela monga anacitila Taibu.