Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima

"Anatibera." Mawu amenewa afika pokola. Wankhonya wa ku Malawi akapita kukamenyana kunja n'kubwerako chimanjamanja, asanatule n'chikwama chomwe zifukwa zimakhala zafika kale pa wailesi: majaji adali akwawo, chakudya chidali chachilendo, kunkazizira, za ndewuyo adauzidwa mochedwa. Ochemerera nawo amangovomera nyimbo. M'mavidiyo sho a pa Kamwendo ndi m'makhonde a magolosale m'dera la Mfumu Zulu ku Mchinji, anyamata amene sadavalepo magolovesi chibadwire amalumbira kuti mwana wa kuno sangapambane kwa eni, ati chifukwa kwa eni kulibe chilungamo.

Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ku Mchinji, kumene chikamwini chikadalipo pambali pa malowolo a Angoni, mwambi umenewu sufuna womasulira. Koma wofuna kuuona ukuyenda ndi miyendo pa masewera omenyana ayang'ane moyo wa mzungu wina wa ku Netherlands, dzina lake Ramon Dekkers.

Dekkers adabadwa pa 4 September 1969 mu mzinda wa Breda. Ali ndi zaka 12 adayamba judo, kenaka nkhonya wamba, mpaka adakumana ndi mphunzitsi Cor Hemmers, yemwe pambuyo pake adadzakwatira mayi ake. Hemmers ndiye adamulowetsa m'nkhonya za ku Thailand, zomwe eni ake amazitcha Muay Thai. Ndewu yake yoyamba adamenya ali ndi zaka 16, ndipo mu 1987 adali atatenga kale lamba wa dziko lake. Akadafuna, akadakhala kwawo komweko, kumagwetsa anzake a ku Ulaya n'kumatamandidwa kuti palibe womuposa. Iye adasankha kukagogoda pakhomo pa eni masewerawo.

Nkhonya za ku Thailand si za zibakera zokha. Munthu amamenya ndi nkhonya, zigongono, mawondo ndi misongolo, ndipo amaloledwa kugwira mnzake m'khosi n'kumusinja ndi bondo m'nthiti. Ndewu imakhala ya maraundi asanu a mphindi zitatu. Ku Bangkok kuli mabwalo awiri amene aliyense amalota kukaponda: Rajadamnern, lomwe lidatsegulidwa mu 1945, ndi Lumpinee, la mu 1956. Asanakhudzane, omenyanawo amalowa atavala chingwe cholukidwa kumutu, n'kuzungulira bwalo lonse, kugwada, kuwerama katatu ndi kuvina pang'onopang'ono polemekeza aphunzitsi ndi makolo awo. Chitoliro, ng'oma ndi tizitsulo zimalira kuyambira raundi yoyamba mpaka yomaliza, uku obetcha ali m'mipando akukambirana mitengo ndi zala. Ambiri mwa anyamatawa amachokera m'midzi yosauka, amayamba kumenyana akadali ana, ndipo amatenga dzina la kampu yowaphunzitsa kukhala ngati chiwongo chawo. Pofika zaka 20 ena amakhala atamenya ndewu zoposa 100.

Kumeneko ndiko adalowera mnyamata wa ku Breda uja. Mu February 1990 adagonjetsa Namphon Nongkeepahuyuth, katswiri wa ku Lumpinee, mu mzinda wa Amsterdam. Patangotha miyezi iwiri adamutsatira kwawo ku Bangkok, ndipo kumeneko adagonja pa mapointi. Chaka chotsatira, mu April 1991 ku Paris, adakumana ndi Coban Lookchaomaesaitong, wamanzere wa dzanja lolemera, yemwe adamugwetsa ndi chibakera chamanzere mu raundi yoyamba, ndewu n'kuthera pomwepo. Manyazi otere, pamaso pa anthu a ku Ulaya kwawo, ambiri akadapachika magolovesi kapena kuyamba kusankha ofewa. Dekkers adakwera ndege m'chaka chomwecho, n'kukamubwezera Coban chipongwe chomwecho ku Lumpinee, pamaso pa abale ake, mu raundi yoyambanso. Awiriwa adamenyana kanayi, aliyense n'kupambana kawiri.

Apa mpofunika kudekha, chifukwa mpomwe pagona nkhani. Dekkers adagonja kambiri ku Thailand, makamaka pa mapointi. Majaji a kumeneko amawerengera kwambiri theche lofika m'nthiti, bondo, kugwetsa mnzako ndi kuima chilili osadzandira. Zibakera zimene sizikumusuntha mnzako saziona ngati kanthu kwenikweni. Mphamvu za Dekkers zidali m'manja ndi m'mateche a m'ntchafu. Choncho ndewu imene anthu a ku Ulaya ankaona ngati wapambana, eni ake ankaiona mwina. Omukonda adadandaula, ndipo mpaka lero amakanganabe za zigamulo zina. Koma mwini wakeyo ankabwerera komweko, kukamenyana ndi akatswiri enieni, pa malamulo awo, pa sikelo yawo, kutentha kuli tho. Lamba wa ku Lumpinee sadamutengepo. Mlendo woyamba kumutenga adali Morad Sari wa ku France mu 1999. Chimene Dekkers adatenga ndi ulemu wa eni masewera. Mu December 2012, pa chikondwerero choti Mfumu Bhumibol yakwanitsa zaka 85, banja lachifumu la Thailand lidamupatsa mphoto chifukwa cha ntchito yake pa Muay Thai.

Sadagwe kuchokera kumwamba munthu ameneyu. Kwawo kudali kale maziko: Thom Harinck adatsegula jimu ya Chakuriki ku Amsterdam mu 1972, Jan Plas n'kutsegula ya Mejiro mu 1978. Harinck adatengapo anyamata ake kupita nawo ku Bangkok kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo adakakwapulidwa. M'malo mokwiya adayamba kuphunzira kwa omwe adamugonjetsawo. Mbadwo wa Dekkers udamera pa manyazi amenewo.

Wina anganene kuti izi n'za azungu, anthu a ndalama. Ayi ndithu, zitsanzo zili pakhomo pomwe. Isaac Chilemba adabadwira ku Blantyre mu 1987, adapita ku South Africa akadali mnyamata, ndipo mu 2010 adatenga lamba wa IBO. Mu 2013 adakamenyana ndi Tony Bellew kwawo ku Liverpool n'kulepherana, ndipo pobwereza ku London adagonja. Mu July 2016 adapita ku Ekaterinburg, m'dziko la Russia, kukakumana ndi Sergey Kovalev, yemwe panthawiyo ankhonya ambiri ankamuthawa. Adagwetsedwa mu raundi yachisanu ndi chiwiri, adadzuka, adamaliza maraundi onse 12. Mu 2018 adamalizanso maraundi 12 ndi Dmitry Bivol ku America. Sadabwere ndi malambawo, komatu akatswiri a dziko lonse ankamudziwa kuti si munthu womupeputsa.

Anisha Basheel, msungwana wa kuno komwe, adayamba ntchito yake ndi kugonja kangapo motsatizana. Mu June 2018 adapita ku York Hall mu mzinda wa London n'kumaliza Sam Smith mu raundi yoyamba, kutenga lamba wa Commonwealth. Majaji sadafunsidwe n'komwe maganizo awo. Kutsidya kwa malire, Catherine Phiri wa ku Zambia adapita ku Mexico mu January 2016 n'kukalanda lamba wa WBC kwa Yazmin Rivas, mwini mudzi. Asungwana awiriwa adakwata kwa mphenzi, ndipo sadabwerere pa njira.

Tsono vuto lili pati? Kukondera kulipo pa nkhonya, palibe angakane, ndipo mlendo amafunika kupambana moonekeratu kuti dzanja lake likwezedwe. Zimenezi aliyense amazidziwa asanasaine pepala. Chimene sichinenedwa pa wailesi n'chakuti ankhonya ambiri a kuno amapita kunja osakonzeka. Foni imalira kutatsala masabata ochepa, pulomota wa kunja akufuna munthu woti mnyamata wake akwererepo, ndalama yatchulidwa m'madola kapena m'marandi, basi munthu wavomera. Sadamuonepo mnzakeyo akumenya. Sadziwa kuti majaji a kumeneko amakonda chiyani. Thupi amalitsitsa pozimana madzi tsiku la sikelo litayandikira. Amene amamuperekeza nthawi zina amakhala wongofuna kukaona kunja ndi kukagula katundu. Akamenyedwa, mlandu wonse umagwera majaji, ndipo amene adavomereza ulendowo amatsala oyera.

Muzu wake ndi wakuti dziko lino lidaika mtima wonse pa mpira wamiyendo. Phungu akafuna mavoti amakhazikitsa chikho cha mpira. Kampani ikafuna kutchuka imathandiza mpira. Sukulu iliyonse ili ndi bwalo la mpira, ngakhale la zigoli za bulugamu, ndipo masewera a ntchemberembaye amapatsidwako zotsala. Nkhonya zimakumbukiridwa tsiku limene wina wabwera ndi lamba, akuluakulu n'kuthamangira kukajambulitsa naye. Mawa lake aiwala. Ndalama zimene anyamata akutaya tsiku ndi tsiku pobetcha matimu a ku England zikadagula magolovesi angati?

Pitani kuseri kwa nyumba zina m'midzi ya kwa Zulu dzuwa likapendeka. Mupeza thumba la feteleza lodzaza mchenga likulendewera pa nthambi ya mango, lomangidwa ndi linya. Mnyamata wakulunga zigamba za chitenje m'manja, mapazi ali pansi, akulimenya mpaka zala kusupuka. Pambali pali chitsulo cha ekiselo chomwe adamatako simenti m'zitini ziwiri. Mmawa adapalasa kabaza kapena adakumba mtedza, ndiye mphamvu ndi mpweya ali nazo zokwanira. Chimene alibe ndi munthu womuuza kuti chibwano chibisike, dzanja libwerere kumaso, phazi lisapingasane ndi linzake. Zonse amaonera pa foni, ndipo foni siwongola munthu. Mphamvu zimenezo zikasowa kolowera, zimakathera pa mowa, pa msika kapena pa bwalo la mpira timu ikagonja, mapeto ake n'kupolisi.

N'zomvetsa chisoni kwambiri chifukwa dera limeneli ndi la Angoni. Chaka chilichonse kumapeto kwa February anthu a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni amawoloka pa Mwami kupita ku Mtenguleni, kufupi ndi Chipata, ku mwambo wa Nc'wala wa Inkosi ya Makosi Mpezeni. Amene adaonapo ngoma ikuvinidwa, amuna atandanda ndi zishango ndi zibonga, phazi likugunda pansi nthawi imodzi, amadziwa kuti ukali wa Mngoni udali ndi mwambo, udali ndi mtsogoleri, udali ndi nthawi yake. Athai adasunga zimenezi m'masewera awo: mwana amayamba waphunzira kugwadira mphunzitsi asanaphunzire kuponya chigongono. Lero alendo ochokera m'maiko ambiri amalipira ndalama kukagona m'makampu a ku Bangkok, Phuket ndi Chiang Mai kuti aphunzire. Kuno mwambo udatsala wa pa chikondwerero, ukali n'kutsala wa pa bala.

N'zoona, mphenzi imapha. Mu November 2018 mnyamata wa zaka 13 adamwalira atavulala m'mutu pa ndewu ina pafupi ndi Bangkok, ndipo zoika ana m'bwalo opanda zoteteza mutu Malawi asatengere. Dekkers naye thupi lidalipira: kakolo wake adachitidwa maopaleshoni kangapo mpaka adasintha kaimidwe kuti azimenya ndi mwendo winawo. Adatsanzika mu March 2001 ku Rotterdam, adabwereranso, ndipo mu 2005 ku Japan adagonjetsa Duane Ludwig phewa lamanja lili lovulala. Adamwalira pa 27 February 2013 ali ndi zaka 43, mtima utamuvuta akupalasa njinga kwawo ku Breda. Koma ngozi zotere ndi chifukwa choikira dokotala pambali pa bwalo ndi kuyeza ankhonya asanamenyane. Si chifukwa chosiyira anyamata kuti azimenyana ndi mabotolo kuseri kwa golosale, komwe kulibe dokotala, woimbira kapena belu.

Bungwe la Malawi Professional Boxing Control Board lili ndi mphamvu yoloreza kapena kukaniza wankhonya kupita kunja. Ligwiritse ntchito mphamvuyo popanda kuyang'ana nkhope: amene sadakonzeke asapatsidwe chilolezo, ngakhale ndalama ikhale yokoma bwanji. A Malawi Boxing Association atuluke m'mizinda, afike m'maboma ngati Mchinji, aphunzitse aphunzitsi a masewera m'sukulu za sekondale ndi kuyambitsa mipikisano ya achinyamata yokhala ndi zoteteza mutu. Khonsolo ya Mchinji, mafumu ndi amalonda a pa Kamwendo ndi pa boma sangalephere kupeza holo imodzi, bwalo limodzi la zingwe ndi magolovesi okwanira anyamata ndi asungwana makumi awiri. Chipata ili pafupi. Mipikisano ya mbali ziwiri za malire ingaphunzitse ana athu msanga kumenyana pamaso pa anthu osawachemerera.

Ndipo inu ankhonya amene foni ya kunja ikulirirani, funsani kaye dzina la mnzanuyo, muone ndewu zake, muwerenge masabata amene mwapatsidwa. Ngati sakukwana, kanani. Ngati mwavomera, konzekani mokwanira, kamenyeni, ndipo mukagonja mukapemphe kubwereza.