Makolo anzanga, ngongole isasanduke mkwiyo pa ana

Ndikulemba ngati mmodzi wa inu, munthu amene ndachezerapo usiku wonse maso ali gwa, kuwerengera m'mutu ndalama zomwe kulibe: lendi, thumba la chimanga, feteleza, nsapato za mwana zomwe chala chayamba kusuzumira kunja. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, tisanapole n'komwe bala la 25 peresenti la mu Meyi 2022. Mitengo idathamanga, malipiro a ambiri a ife adatsala pomwe adali. Zimenezo sitingazikonze tili pakhonde pathu. Pempho langa likukhudza chomwe chili m'manja mwathu, ndicho momwe timalowera nayo nkhawayi m'nyumba.

Bambo anga ndalama zikawathina ankangoti duu. Ankafika madzulo n'kukhala pampando wawo, wailesi ili chilankhulire koma iwo osamva kanthu. Tsiku lina ndidawapempha ndalama ya mayeso, ndipo adandizazira kuti chomwe ndimadziwa n'kudya basi. Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti mtolo wa banja lathu ndinali ine. Ndidadzamva nditakula, kuchokera kwa amayi, kuti sabata imeneyo wakatapila adali atawalanda njinga yomwe ankayendera kuntchito. Sindiwaimba mlandu, adali munthu wabwino wopanikizika. Koma mawu awiri atatu okha akadandichotsera manyazi omwe ndidayenda nawo mpaka kusekondale.

Mwana amaona zonse. Amaona tiyi akayamba kumwedwa wopanda shuga, amamva mukamanong'onezana kuchipinda, amadziwa kuti mukati “ukawauze kuti ndachoka” ndiye kuti kwabwera wangongole. Chomwe sadziwa n'chifukwa chake, ndipo akasowa yankho amadziloza yekha. Wina amasiya kupempha, n'kumalemba maphunziro atatu m'kope limodzi. Mtsikana amayamba kulandira tindalama ta sopo kwa bambo wachikulire wa pamsika poopa kukuvutitsani, ndipo mathero ake tonse timawadziwa. Sindikunena kuti mwana wa Sitandade 2 mumuwerengere ngongole zanu zonse, ayi, msana wake ngwanthete. Ingomuuzani zoona zomukwanira: “Mwezi uno ndalama zachepa, koma si chifukwa cha iwe. Nsapato tigula tikagulitsa soya.” Soya akakanika, bwererani kwa iye mumufotokozere. Wa Folomu 3 mungathe kukhala naye pansi n'kumuonetsa zolowa ndi zotuluka. Mudzadabwa nzeru zomwe angakupatseni.

Inu abambo anzanga, tidaleredwa ndi mawu oti mwamuna salira, ndipo mawu amenewa atidya. Apolisi akamalengeza za anthu odzipha m'dziko muno, ambiri amakhala amuna, ndipo ngongole sizisowa pa zifukwa zomwe zimatchulidwa. Chonde, akazi anu asadzamve za ngongole yanu tsiku lomwe anthu abwera kudzanyamula sofa. Ana akagona, tengani pepala muli awiri, mulembe aliyense amene muli naye ngongole, ndalama zake ndi tsiku lobweza. Pamafunika kulimba mtima, chifukwa chiwerengerocho chimaopsa. Komabe ngongole ikakhala m'mutu ilibe malire, imakula usiku uliwonse. Ikakhala papepala mumaona pomwe yathera ndi pomwe mungayambire.

Yambani ndi ya katapila, chifukwa ndiyo imaswana. Ngati mudatenga K50,000 yobweza ndi theka pamwamba, pakutha pa mwezi ndi K75,000, ndipo mukalephera, chiwongoladzanja chikakwera pa yonseyo, mwezi winawo ndi K112,500. Pitani kwa mwini ndalama iye asanakulondoleni, mukagwirizane zobweza pang'onopang'ono. Amayi, banki mkhonde yatukula mabanja ambiri, koma mukayamba kukongola ku gulu ili kuti mubweze ku gulu lija, imani kaye muuze amuna anu kapena mchemwali wanu. Za kubetcha pa foni ndi kachasu ndinene mwachidule: zimagonetsa nkhawa usiku umodzi, m'mawa imadzuka itanenepa.

Thupi nalo limalankhula. Tulo tikasowa sabata ndi sabata, mutu ukamangowawa, nsima ikamakanika kutsika, mukamapsa mtima ndi kulira kwa khanda lanu lomwe, musangoti ndi kuganiza kwambiri, zitha zokha. Uzani munthu amene mumamukhulupirira, kaya ndi ankhoswe, abusa, shehe kapena mnzanu wa kalekale. Kuchipatala cha boma funsani namwino woona za matenda a maganizo. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amagwira ntchito yomweyi. Kupita kumeneko si misala. Ndipo ngati maganizo ofuna kudzichotsa moyo ayamba kukufikirani, ndikukugwirani mwendo, musadikire mawa, uzani munthu lero lomwe. Ngongole imakambidwa, koma ana anu sangapeze bambo kapena mayi wina.

Madzulo ano mwana akabwera ndi kalata ya kusukulu yoitanitsa ndalama, musamuthamangitse ndi maso. Landirani kalatayo, muiwerenge iye ali pomwepo, mumuuze tsiku lomwe mukaonane ndi aphunzitsi aakulu. Tsikulo likafika, valani mupite, ngakhale m'thumba muli K2,000 yokha.