Nkhope ya Nandi Isamire mu Mdima

Amayi anzanga, sabata ino tisiye kaye za miphika ndi zosoka, tikambirane za chimbale cha kanema chimene bambo kapena ana amabwera nacho kuchokera ku msika, makamaka sewero lija la mafumu lotchedwa Shaka Zulu.

Seweroli linayamba kuonetsedwa m'chaka cha 1986 pa wailesi ya kanema ya SABC ku South Africa, ndipo lili ndi zigawo 10. Popeza wailesi ya kanema ya dziko lathu inatsegulidwa mu 1999, ambiri kuno analionera pa matepi a vidiyo. Nkhani yake si yachilendo kwa ife, pakuti makolo a Angoni anachoka kumeneko chifukwa cha nkhondo za masiku amenewo, ndipo Zwangendaba anaoloka Zambezi ndi anthu ake mu 1835.

Tsono vuto lili pa zithunzi. Tepi ikajambulidwa kuchokera ku tepi inzake, inanso kuchokera ku imeneyo, mitundu imasuluka ndipo zonse zimaoneka mwachimbuuzi. Zimbale za DVD nazo zili ndi pake podwalira. Chimbale wamba chimasunga bwino kanema wa maola awiri, pamene seweroli lonse limapitirira maola 8. Wogulitsa akalipanikiza lonse pa chimbale chimodzi, chithunzi chimasweka timabokositimabokosi, makamaka pamene pali utsi, fumbi kapena usiku. Chikuto chokha ndicho chimawala. Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Mwina wina anena kuti, "Nanga si mawu akumveka?" Apa ndiye pagona nkhani. Azungu a m'seweroli, monga Edward Fox amene anakhala Farewell ndi Robert Powell amene anakhala Fynn, luso lao lili pakamwa. Amalankhula kwambiri, ndipo nkhope zao zoyera zimaonekabe ngakhale chithunzi chitada. Koma Henry Cele, amene anakhala Shaka, luso lake linali m'maso. Bamboyu, amene kale anali goloboyi wa mpira ndipo anamwalira mu 2007, ankatha kuopseza bwalo lonse pongotembenuza khosi. Pa chimbale choipa, akakhala pafupi ndi moto usiku, mumangoona mano ndi nthenga. Motero chithunzi chakuda chimabera wosewera wakuda, ndi kumsiya mzungu ali chilili.

Amene timatayika naye koposa ndi Dudu Mkhize, amene anakhala Nandi, mayi wake wa Shaka. Inu amene muli pabanja mukudziwa kuti mkazi wonyozedwa kwa apongozi salira mokweza. Amameza malovu, nayang'ana pansi, mlomo ukunjenjemera pang'ono. Nandi anachoka kwa Senzangakhona ndi mwana wake, nakhala moyendayenda ndi monyozedwa kwa eni, ndipo Mkhize amaonetsa zonsezi ndi nkhope yokha: kunyada kwa mayi wosafuna kuti adani aone misozi yake, ndiponso mkwiyo umene akuuyamwitsa mwana osadziwa kuti udzatha anthu. Nkhope imeneyi ikamira mu mdima, chotsala ndi mikondo ndi kufuula, ndipo ana athu adzayesa kuti Shaka anangobadwa wankhanza. Komatu Nandi atamwalira mu 1827, mfumuyo inasokonezeka mutu ndi chisoni, ndipo chaka chotsatira abale ake, Dingane ndi Mhlangana, anaipha.

Mu 2023 kunatuluka sewero lina, Shaka iLembe, la m'Chizulu, m'mene Nomzamo Mbatha ndiye Nandi. Zithunzi zake n'zowala, mkanda uliwonse mutha kuuwerenga, ndipo n'zokondweretsa kumva anthuwo akulankhula chinenero chao, osati Chingerezi monga m'sewero lakale lija. Komabe kwa ine, maso a Cele palibe wawaposa.

Pogula tsono, musachite manyazi. Uzani wogulitsa ayese chimbalecho inu mukuona, ndipo apite pamene pali usiku, osati masana okha. Ngati simukuzindikira nkhope ya wolankhula, bwezani ndalama yanu pa mpango. Sankhani sewero logawidwa pa zimbale zingapo ngakhale mtengo ukwereko.

Chinanso, muli kuphana kochititsa nthumanzi ndiponso atsikana ovina ali chifuwa pamtunda monga mwa mwambo wao. Yambani mwaonera inu ndi bambo ana atagona, ndipo apongozi akabwera kudzacheza, muwafunse kaye musanayatse.