Omwe adadutsa ku Poly angakoke bwanji ana a ku Ntcheu?

Makolo a ku Tsangano, Lizulu ngakhalenso Kasinje m'boma la Ntcheu omwe adagulitsa kachewere, kabichi ndi mbuzi kuti mwana aphunzire zamalonda kusukulu yaukachenjede, ena mwa iwo lero akudabwa kumuona mwana uja ali khale pakhonde, digiri ili m'chikwama.

Vuto lake ndi lodziwika. Makampani akamalengeza ntchito amafuna munthu woti adaigwirapo kale zaka ziwiri kapena zitatu. Nanga mwana wongomaliza kumene zakazo akazitenge kuti? Wa ku Namiwawa kapena ku Area 10 ali ndi amalume ake kubanki oti amupezera malo ophunzirira ntchito. Wa kwa Ganya alibe ngakhale womuuza kuti kalata yake yofunsira ntchito ili ndi zolakwika.

Apa m'pomwe mabungwe a anthu omwe adaphunzira pasukulu imodzi amafunika. Sukulu ya Polytechnic ku Blantyre idatsegulidwa mu 1965 ndipo yaphunzitsa akatswiri ambiri owerengera ndalama omwe lero ali m'mabanki, m'makampani ndi m'boma. Mu 2021 idachoka pansi pa University of Malawi n'kuyamba kuima payokha ndi dzina la Malawi University of Business and Applied Sciences (MUBAS). Kusinthaku kuli ndi kachiopsezo kake: akuluakulu mapepala awo ndi a University of Malawi ndipo amadzitchula kuti a ku Poly, pomwe ana a lero ndi a MUBAS. Popanda wolumikiza mibadwo iwiriyi, n'kosavuta wamkulu kumuona mwanayo ngati mlendo.

Kulumikizana kulipo kale ndithu. Omwe adaphunzira chaka chimodzi amakhala ndi gulu lawo pa WhatsApp, ndipo kukagwa zovuta chipepeso sichichedwa kusonkhedwa. Ukwati nawo sasowako. Palibe choipa pamenepo, ndi umunthu wathu. Koma magulu otere amathandiza anthu oti adaima kale, ndipo amathera m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe.

Chomwe chikusoweka sichilira ndalama zambiri. Mkulu mmodzi atatenga ophunzira awiri a chaka chachitatu n'kumayenda nawo mpaka atapeza ntchito, zinthu zikhoza kusintha. Awawerengere makalata awo, awayese mafunso omwe amafunsidwa polemba ntchito, awafotokozere za mayeso a bungwe la owerengera ndalama la ICAM, ndipo nthawi yokaphunzira ntchito ikakwana awagogodere zitseko. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ena anena kuti uku n'kukondera komwe timadandaula tsiku ndi tsiku. Nkhawayi ndi yomveka, ndipo bungwe losasamala likhoza kusanduka kagulu kolembana ntchito mseri. Kusiyana kwake kuli pa kasankhidwe. Ngati ophunzira oti athandizidwe akusankhidwa poyera, n'kuyambira omwe achokera m'sukulu za sekondale zoyendera zakumudzi, ndiye kuti bungwelo likutseka mpata womwe kudziwana kudatsegula. Likamasankha ana a mamembala okhaokha, nkhawa ija yapherezeka.

Pali udindo wina womwe ambiri safuna kuumva. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'sukulu zaukachenjede, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2015, lakhala likudandaula kuti omwe adakongola kale sabweza. Ndalama zimenezo ndi zomwe zikadalipirira mwana wina wa ku Bilila. Munthu wovala tayi wosonkha ndalama za phwando la ophunzira akale pomwe ngongole yake ya sukulu sadabweze, ayambe wakonza kaye pamenepo.

Ndipo Ntcheu payokha ili ndi ntchito yodikira ana amenewa. Pa Lizulu ndi pamphambano ya Tsangano ndalama zimazungulira tsiku lililonse, koma si ochita malonda onse omwe amasiyanitsa mpamba ndi phindu. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya feteleza ndi ya mayendedwe idakwera, ndipo wogulitsa wosalemba adatha kudya mpamba akuyesa ndi phindu. Mnyamata kapena mtsikana wa digiri yemwe akudikira ntchito akhoza kusunga mabuku a gulu la alimi kapena a banki m'khonde, mkulu wa ku Blantyre n'kumamuunikira pafoni mwezi ndi mwezi. Pakutha pa chaka alimi aja adziwa mtengo weniweni wa thumba lawo la kachewere, ndipo mwanayo ali ndi chaka chathunthu cholemba pakalata komanso munthu wodziwika womuikira umboni.

Mtunda si chifukwa ayi. Msewu wa M1 umadutsa m'bomali, ndipo mabwana omwewa amaima kale pa Lizulu Lachisanu madzulo kudzaza magalimoto awo ndi tomato ndi kabichi.